Mtsikana woimbira pakhonde ku London uja, Rachel Zegler: zaulere kwa odutsa, sikirini kwa olipira

NaPhiri_wa_ku_Croydon
Abale anzanga, ndabwera ndi nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Lachinayi, mu August 2025 muno. Titaweruka, mnzanga wa ku Ghana amene timasamalira naye okalamba anati titsike pa Oxford Circus, akuti kuli zaulere. Ine m'mutu munabwera chakudya. Tinakhotera mu Argyll Street cha m'ma 9 koloko, kukuyamba kumene kuda, msewu uli thothotho, aliyense foni m'mwamba ngati tikusaka netiweki kumudzi. Posakhalitsa pakhonde la m'mwamba la holo ya zisudzo ya London Palladium panatulukira mtsikana wochepa thupi, atavala diresi yoyera ndi wigi, n'kuyamba kuimba Don't Cry for Me Argentina. Msewu wonse unangoti zii. Ine amene ndinaima tsiku lonse kuntchito ndinaiwala kuti miyendo ikuwawa. Atamaliza analowa, ife n'kumwazikana.

M'sitima ndi mmene mnzanga uja anandiuza kuti chimene taona ndi chidutswa cha sewero la Evita, ndipo amene anagula matikiti n'kukhala m'kati mwa holo, nyimbo imeneyi amaionera pa sikirini, kamera ikujambula panja pomwe tinali ife. Funso langa loyamba: n'zachilungamo zimenezi? Munthu watulutsa mapaundi ake, koma nyimbo yodziwika kuposa zonse m'seweromo akukaimbira ine wodutsa ndi njira?

Lachiwiri ndi lomwe likundisowetsa tulo. Ndinajambula pafoni, mwana wanga wa zaka 14 waonera kosawerengeka, ndipo walengeza kuti za unamwino tinagwirizana zija zatha, iye akufuna zimenezi. Mtsikanayu akuti ndi Rachel Zegler. Odziwa tandiuzani, pakhonde paja anafikapo bwanji?

Tsabola_Wakale
Mwadya zaulere, mwakhuta, tsopano mukulirira eni mphika? Achemwali khalani chete angakutumizireni bilu.

Kamtedza
Amene tinakulira m'makomboni izi sizachilendo. Mwini vidiyo sho ankaika sipika panja, phokoso la nkhonya ndi mfuti lizimveka mpaka kumsika, kuti iwe wopanda khobidi mtima uzikuwawa, mawa ubwere ndi ndalama. Apa angotembenuza: panja aikapo munthu weniweniyo, sikirini aisiyira olipira. Usiku uliwonse anthu mazanamazana akujambula n'kuponya pa TikTok ndi Instagram. Kutsatsa malonda kwaulere kumeneko. Musanamizidwe kuti ndi chifundo kwa amphawi.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi NaPhiri, funso lachiwirilo ndiyankhe ine, poti mdzukulu wanga adandionetsa filimu ya West Side Story katatu mpaka ndidayamba kutsatira za mwanayu.

Rachel Zegler adabadwa pa 3 May 2001 ku Hackensack, m'chigawo cha New Jersey ku America, nakulira m'tauni ya Clifton. Ndiye kuti mwamuona ali ndi zaka 24. Kuchimuna makolo ake adachokera ku Poland, kuchikazi ku Colombia. Adaphunzira pa sekondale ya Akatolika ya atsikana okhaokha, Immaculate Conception ya ku Lodi, ndipo kumeneko sewero la sukulu silinkamuphonya: adakhalapo Belle mu Beauty and the Beast, Ariel mu The Little Mermaid, ndipo chaka chomaliza Fiona mu Shrek. Pambali pa izi ankadzijambula akuimba kunyumba n'kumaika pa YouTube.

Mu January 2018 anthu a wopanga mafilimu Steven Spielberg adalengeza pa Twitter kuti akufuna achinyamata ochokera m'mabanja a ku Latin America oti asewere mu West Side Story yatsopano. Iye, ali ndi zaka 16, adatumiza kanema akuimba nyimbo ziwiri za m'seweromo. Ofuna mwayiwo adaposa 30,000. Adamuitana mobwerezabwereza pafupifupi chaka chathunthu, ndipo mu January 2019 zidalengezedwa kuti Maria, mtsikana mwini nkhani mufilimuyo, ndi iyeyo. Chomwe chidandiseketsa monga mphunzitsi n'chakuti atasankhidwa adapempha Spielberg kuti amulole amalize kaye Shrek wa kusukulu, poti anzake adali atayamba kale kukonzekera. Adamulola.

Chule_wa_mDambo
Mmodzi mwa 30,000. Achikulire, imeneyo si ntchito, ndi lotale. Enawo 29,999 ali kuti lero? Akugulitsa khofi. Mwana wa achemwali athuwa musamupatse chiyembekezo chabodza.

Mphunzitsi_Wopuma
A Chule, mwayi udalipo, sindikukana. Koma ndidasiya mfundo imodzi. Gawo lomwelo la Maria adali atalisewera kale pasiteji mu 2017, pa Bergen Performing Arts Center kwawo komweko. Pamene chilengezo chinkatuluka, nyimbozo zidali kale pakhosi pake. Lotale sumaikonzekera chotero.

GogoWaKwaya
Ana anga, ndilowepo. Ine ndatsogolera kwaya ya amayi zaka zoposa 30, ndipo chomwe chinandigwira mtima pa mbiri ya mwanayu si Spielberg ayi. Asanatchuke ankaimba kutchalitchi, pa maukwati ndi pa maliro. Amene sanayambitsepo nyimbo pamaliro sadziwa sukulu imeneyi. Pamenepo palibe kuwomba m'manja, palibe kuyambiranso ukaphonya. Anamfedwa akulira kutsogolo kwako, iwenso chifuwa chadzaza, koma mawu ayenera kutuluka owongoka chifukwa ukagwedera, onse akugwera pambuyo pako. Uyenera kudziwa poyambira kuti amayi a mawu otsika asasowe pogwira. Uyenera kuona nkhope za anthu n'kudziwa ngati uonjezere ndime kapena ulekeze.

Ndaonera kanema wa pakhondeyo, mdzukulu ananditumizira. Basi zikudutsa chapatali, wina akutsokomola, mphepo ikuwomba, iye osatekeseka. Ndinati eya, uyu anaimirirapo pafupi ndi bokosi.

Tsabola_Wakale
Agogo, ndiye kuti ife tonse oimba kumaliro tikupita ku London? Ndikonze pasipoti?

GogoWaKwaya
Iwe uyambe wasiya kuthawira kumanda kukakhala ndi adzukulu nyimbo ikangoyamba.

Wa_Mabuku_Zomba
Tibwerere ku funso loyamba, chifukwa a Kamtedza anena zoona koma theka lokha. Kuti mumvetse khondelo muyenera kudziwa kuti Evita ndi ndani.

Eva Perón anabadwa mu 1919 m'banja losauka kumidzi ya ku Argentina, mwana wa kunja kwa ukwati. Ali mtsikana anapita ku Buenos Aires kukasaka mwayi wa zisudzo, natchuka ndi masewero a pawailesi. Anakwatiwa ndi Juan Perón, msilikali yemwe anakhala pulezidenti mu 1946. Mphamvu zake zinali pa anthu wamba, antchito a m'mafakitale ndi osauka, amene ankatchedwa descamisados, kunena kuti opanda malaya. Ankawalankhula ali pakhonde la Casa Rosada, nyumba ya boma, iwo ali pabwalo pansi. Olemera a mumzindawo ankamunyoza, iyenso sankawafuna. Anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero mu 1952 ali ndi zaka 33 zokha.

Andrew Lloyd Webber ndi Tim Rice analemba sewero la moyo wake, linatsegulidwa ku London mu 1978, ndipo nyimbo munamvayo ndi pamene Eva waima pakhonde kulankhula kwa khamu. Tsono wotsogolera sewero la 2025 lino, Jamie Lloyd, anaganiza kuti: olemera akhale m'kati pa mipando yawo yofewa azionera pa galasi, mayiyu atuluke akalankhule ndi a mumsewu. Achemwali a ku Croydon, inu ndi mnzanu wa ku Ghana, mutavala yunifomu, miyendo ikuwawa, simunali oonerera. Munali opanda malaya aja. Anakugwiritsani ntchito m'sewero osakulipirani.

NaPhiri_wa_ku_Croydon
Iii, ndiye kuti nanenso ndasewerapo ku West End, kuchimake kwa zisudzo ku London! Ndikauza ana kunyumba kuti azindipatsa ulemu.

Kamtedza
A Wa_Mabuku, nkhani yokoma, koma ikutsimikiza zomwe ndanena. Sewerolo silimutamanda Eva, limamukayikira. Muli mnyamata uja Che amene amangomutsutsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti misozi ya mayiyu ndi ndale. Ndiye a mumsewu akugwetsa misozi, a m'kati akuona pa sikirini mmene kamera ikuwagwirira. Ife tazionapo pa misonkhano ya kampeni, nsalu ndi nyimbo. Wopindula si wovinayo.

Wa_Mabuku_Zomba
Apo ndiye tagwirizana osadziwa. N'chifukwa chake ndikuti olipira sanaberedwe. Iwo akuona zonse ziwiri, mayi akunyengerera ndi khamu likunyengeka. A panja akuona chimodzi.

Nankungwi_wa_Siteji
Ayi, ine ndikukana. Ndaseweraponso zisudzo zaka zambiri ndisanayambe ntchito ya muofesi, ndipo chimene munthu amalipirira pa sewero la pasiteji ndi kupuma mpweya umodzi ndi wosewerayo. Kanema ndingaonere kunyumba nditagona pamkeka. Holo ija imalowa anthu oposa 2,000, ena asungira miyezi, ena akwera ndege, kuti amve mawu a mtsikanayu akugunda makoma omwe akhalamo. Pa nyimbo yomwe anabwerera, akupatsidwa chithunzi. Nzeru yake ndikuimva, koma nzeru sikhutitsa munthu amene waitanidwa ku phwando n'kuuzidwa kuti nyama tagawira odutsa kuti muphunzirepo kanthu.

Ndiponso Jamie Lloyd uyu n'chizolowezi chake. Mu sewero la Sunset Boulevard, la Nicole Scherzinger lija, anatulutsanso mnyamata Tom Francis kuti aziimba akuyenda mumsewu kunja kwa holo ya Savoy, kamera ikumutsata. Koyamba zimadabwitsa. Kachiwiri umayamba kuona ulusi wa telala.

Mbewa_ya_Manyazi
Koma asisi, nyimbo imodzi yokha pa sewero la maola awiri. Zina zonse amaimba pamaso pawo, akuvina thukuta lili kamukamu. Ndipo aliyense wogula tikiti pano akudziwa kale za khondelo, zinalembedwa paliponse kuyambira June.

Nankungwi_wa_Siteji
Nsima imodzi, ndiwo zambiri, koma chiwindi ndi chimodzi. Chimenecho ndicho anapatsa a panja.

Dzungu_la_Ntcheu
Pepani ndikhote pang'ono. Si mtsikana yemweyu amene anagwetsa filimu ya Snow White ndi pakamwa pake? Ine ndinamva kuti Disney inaluza ndalama zankhaninkhani chifukwa cha iyeyu.

Chule_wa_mDambo
Yemweyo. Kunyoza filimu yakale ya 1937 yomwe agogo a anthu anakula nayo, kenako kulowerera ndale. Walira mvula walira matope.

Mbewa_ya_Manyazi
Tiyeni tiike zinthu m'ndondomeko yake, chifukwa nkhaniyi imafotokozedwa mozondoka. Zinalengezedwa kuti iye ndi Snow White mu June 2021, West Side Story isanatuluke n'komwe, ndipo tsiku lomwelo anthu ena anayamba kumutukwana kuti khungu lake si loyera mokwanira. Anali asanalankhule kalikonse. Zonena kuti nthano yakaleyo ndi yachikale pa nkhani ya akazi, ndi kuti kalonga wa mmenemo amachita ngati wozembera mtsikana, ananena mu 2022, ndipo zinafukulidwa patapita miyezi n'kuyamba kuzunguliridwa. Mu 2024 analemba mawu oikira kumbuyo anthu a ku Palestine, pamene mnzake wa mufilimuyo, Gal Gadot, ndi wa ku Israel. Chisankho cha ku America chitatha analembanso mawu aukali okhudza Trump ndi omuvotera, ndipo pa amenewo anapepesa.

Filimuyo inatuluka mu March 2025 ndipo inaluzadi. Koma inali ndi mabala ena ambiri: mkangano wa anthu aafupi asanu ndi awiri aja amene pomaliza anawapanga pa kompyuta, kuchedwa kwa chaka chathunthu, ndalama zopangira zomwe zinakwera mopitirira. Ambiri mwa olemba ndemanga amene anaidzudzula ananena kuti chabwino mmenemo chinali kuimba kwa mtsikanayu. Kampani yaikulu chotere, akuluakulu ake ambirimbiri, kusenzetsa mtolo wonse mwana wa zaka 23?

Dzungu_la_Ntcheu
Komabe ukakhala pa ntchito ya eni umasunga pakamwa.

Mphunzitsi_Wopuma
Mutu ukakula sulewa nkhonya, zoona. Ine pa zina adalankhula ndikadakhala bambo ake ndikadati mwanawe, taika foni pansi ukagone. Koma ndaphunzitsa ana a msinkhu umenewu zaka 34, ndipo sindikudziwa ngakhale mmodzi amene mawu ake onse a zaka 21 angapirire kuwerengedwa ndi dziko lonse.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za Trump ndi za ku Middle East zili ndi malo ake. Ndachotsa ndemanga ziwiri. Tibwerere ku zisudzo.

Wa_Mabuku_Zomba
Ndibweze ndi kanthu kamene ambiri sadziwa. West Side Story yoyamba ya 1961, Maria anali Natalie Wood, mzungu wa makolo a ku Russia, kusewera mtsikana wa ku Puerto Rico. Ndipo mawu oimba amene mumamva mmenemo si ake, ndi a mayi wina dzina lake Marni Nixon, yemwe dzina lake silinalembedwe n'komwe pa filimuyo. Mayi yemweyo ndi amene anaimbira Deborah Kerr mu The King and I ndi Audrey Hepburn mu My Fair Lady. Nthawi imeneyo nkhope inkagulidwa kwina, mawu kwina. Zegler anatengedwa chifukwa zonse ziwiri zinali mwa munthu mmodzi. Ngakhale mu Hunger Games ya 2023, momwe anali Lucy Gray Baird, nyimbo zake ankaimba pomwepo akujambulidwa.

Mbewa_ya_Manyazi
Ndionjezere za mwayi umene a Chule akunena, kuti muone mmene unalili wowawa. Anajambula West Side Story mu 2019 atangomaliza sekondale. Imayenera kutuluka December 2020, Covid inaikankhira ku December 2021. Zaka ziwiri aliyense akudziwa kuti mtsikanayu ndi nyenyezi ya Spielberg, koma palibe amene wamuona. Itatuluka anthu anali akuopabe kulowa m'maholo, ndalama zopangira sizinabwerere. Anapambana mphotho ya Golden Globe mu January 2022 ali ndi zaka 20, koma chaka chimenecho mwambowo sunaonetsedwe pa TV chifukwa okonza ake anali pa mkangano, moti opambana ankangolengezedwa pa intaneti. Kenako ku Oscars, filimu yake ikupikisana pa mphotho 7, iye mwini Maria sanaitanidwe. Ananena yekha pa Instagram, anthu anachita phokoso, ndiye pomwe anamuitana kuti akapereke nawo mphotho. Usiku umenewo Ariana DeBose anapambana pa gawo la Anita, lomwelo lomwe Rita Moreno anapambanira zaka 60 m'mbuyomo.

Chule_wa_mDambo
Ndiye mukundithandiza. Ngati wopambana lotaleyo akuvutika chonchi, nanga oluza?

Nankungwi_wa_Siteji
Apa a Chule ndili nanu pang'ono. Achemwali a ku Croydon, ndikuuzeni zanga. Ine matendawa anandigwira pa mpikisano wa zisudzo za m'masekondale wa ATEM ndili Fomu 3. Tinafika kumapeto a m'chigawo, ndinatchulidwa kuti ndasewera bwino, basi mutu unazungulira. Masiku amenewo tinkakhamukira ku French Cultural Centre ku Blantyre kukaona Du Chisiza Jr. ndi Wakhumbata, kenako Gertrude Kamkwatira ndi gulu lake, ndipo ndinkati ine ndidzakhala ngati mayi ameneyu. Ndinalowa gulu lina, dzina silofunika. Tinkayeserera miyezi iwiri, kudzilipirira minibasi, zovala kubwereka kwa azakhali. Tsiku la sewero ndalama za pakhomo zikawerengedwa, achotse za holo, za zokuzira mawu, za mapositala, ife otsala kugawana ya sopo. Tsiku lina mkulu wa gululo anangozimiririka ndi chikwama. Ndinapirira zaka zinayi, kenako ndinapita kukaphunzira za akaunti.

Sindinong'oneza bondo kuti ndinasewera. Ndimayankhula pamaso pa mabwana osanjenjemera chifukwa cha zaka zimenezo. Koma mwana wanu adziwe kuti mphindi zochepa za pakhonde zija ndi kansonga chabe. Ku West End masewero amachitika kasanu ndi katatu pa sabata, masiku ena kawiri, masana ndi usiku.

GogoWaKwaya
Kasanu ndi katatu! Ife Pasaka yokha, Lachinayi Loyera mpaka Lamulungu, Lolemba lake timalankhula ndi manja, mawu atasasa.

Wa_Mabuku_Zomba
Ndipo gawo la Eva limadziwika kuti ndi lakupha pakhosi, agogo. Sewero lonse ndi nyimbo zokhazokha, palibe poti apume n'kumangolankhula, ndipo zambiri zinalembedwa pokwera. N'chifukwa chake kuyambira kale amaika munthu wachiwiri wosinthana naye. Nthawi ya Elaine Paige, amene anayamba gawoli mu 1978, panadzakhala Marti Webb. Mu sewero la 2025 lino pali mtsikana wina, Bella Brown, yemwe masiku ena onse amasewera kagawo kakang'ono ka chibwenzi cha Perón. Mwezi wathawu, July, Zegler anadwala sewero lili m'kati, ndipo Bella Brown anavala diresi ija pa nthawi yopumula n'kutuluka pakhonde. Anthu anamuimirira kumuwombera m'manja.

GogoWaKwaya
Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Amene amamukonda mwanayu azimuuza kuti mawu si chitsulo. Ine atsikana anga ndimawaletsa kukuwa ku mpira dzulo lake la ukwati, ndi kumwa za mufiriji akangomaliza kuimba. Koma amamva? Wina anali ndi mawu okoma kuposa onse amene ndinawaphunzitsapo, anayamba kuimba m'maukwati atatu pa Loweruka limodzi chifukwa cha ndalama ya perekaniperekani. Pano akayamba nyimbo umachita kumumvera chisoni.

Tsabola_Wakale
Ine amene wandisangalatsa ndi Bella Brown. Kukhala pabenchi mwezi wathunthu ukupempherera kuti mnzako atsegule m'mimba.

Nankungwi_wa_Siteji
Musamuseke, ntchito yovuta kuposa zonse ndi imeneyo. Uyenera kudziwa mawu onse, poponda ponse, n'kukhala wokonzeka usiku uliwonse, ukudziwa kuti akalengeza dzina lako anthu 2,000 ayamba ndi kudandaula. Osewera ambiri moyo wawo wonse umathera pamenepo, ndipo ndi akatswiri.

Kamtedza
Chomwe sindikumvetsa n'chakuti munthu wa ku Hollywood, wolandira madola, akudzazunzikiranji ndi masewero asanu ndi atatu pa sabata? Si kuti mafilimu amukana ndiye wathawira kuno?

Mbewa_ya_Manyazi
Anali atabwerera kale pasiteji Snow White isanatuluke. Kumapeto kwa 2024 anali Juliet ku Broadway ku New York, pa holo ya Circle in the Square, Romeo wake ali Kit Connor, ndipo achinyamata ankadzaza holo. Mwana wa siteji ameneyu, mafilimu ndi amene anamubwereka. Komanso pali china. Mufilimu anthu angathe kunena kuti mawu anawakonza pa kompyuta, nkhope anaisalaza, anamukondera. Pakhonde la mumsewu, usiku ndi usiku, mafoni mazana akujambula, palibe pobisala. Miyezi itatu m'mbuyomo anthu ankalemba kuti mtsikanayu watha. Sanawayankhe ndi kalata, anangotsegula chitseko chija.

Chule_wa_mDambo
Kuimba amatha, ndavomera. Ndaonera kanemayo kawiri. Koma mwana wa achemwali akhale namwino.

Mayi_a_Mapasa_Leeds
Mochedwa ndafika koma NaPhiri, inu mukukhala pa Croydon pomwepo ndipo simukudziwa chomwe chili pakhomo panu? BRIT School ili ku Selhurst, basi imodzi kapena ziwiri kuchokera kwanuko. Ndi sukulu ya boma, yosalipira, ya ana a zaka 14 mpaka 19, ndipo ili ndi nthambi ya masewero a nyimbo. Adele anaphunzira pamenepo, Amy Winehouse anadutsapo, Tom Holland wa Spider-Man nayenso. Amalowa poyambira Year 10 kapena Year 12, ndipo a zaka 14 aja amalemba GCSE monga ana ena onse, sikuti amangovina tsiku lonse. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, amayesedwa kaye. Wanuyo ngati ya Year 10 yamudutsa, ali ndi zaka ziwiri zoti aonetse ngati n'zenizeni kapena ndi malungo a kanema wa pafoni.

Ine ndikanakhala inu sindikanakana, sindikanavomeranso. Ndikanati chabwino, lowa kwaya ya kutchalitchi, lowa sewero la kusukulu ngakhale akupatse gawo la mtengo, masamu ndi sayansi zisatsike. Wanga wamkulu anandivutitsa ndi gitala chaka chathunthu, pano ili pamwamba pa wadirobu. Wamng'onoyo sananene kanthu kwa aliyense, koma ndi amene amadzuka m'mawa Loweruka kupita kokayeserera kukuzizira.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi a Mapasa anena zomwe ndikadanena. Ndionjezere chimodzi: mumuyese pa nyimbo imene saikonda. Mwana aliyense amaimba bwino nyimbo ya pamtima pake.

GogoWaKwaya
Ndipo Amalawi kumeneko mukakhala ndi chinkhoswe kapena zovuta, mumuimike kutsogolo ayambitse nyimbo imodzi yachichewa. Mudzandiuze ngati maondo analimba.

NaPhiri_wa_ku_Croydon
Zikomo nonse, ndawerenga zonse pa nthawi yopuma. Sukulu ya ku Selhurst ija ndimaidutsa pa basi, ndinkangoona ana a tsitsi la mitundumitundu osadziwa kuti n'chiyani. Bambo ake sindinawauze, amenewo ndiyamba ndawaphikira nsima ya chambo chouma chomwe ndinabisa. Agogo, Chichewa chake n'chopindika koma nyimbo za kutchalitchi amazidziwa, tiyesa.

Za chilungamo zija mwandisokoneza kuposa mmene ndinabwerera. A Nankungwi akandiuza za chiwindi ndikuvomera, a Wa_Mabuku akandiuza kuti ndinali wopanda malaya ndikuvomeranso. Ndaona kuti sewerolo likutseka pa 6 September 2025. Mwanayu akuti timuonere m'kati, ine ndayang'ana mitengo ya matikiti otsala ndipo ndatseka foni mwaulemu. Tipita ku Argyll Street Lachisanu ndikaweruka. Amene munapitako kangapo, tifike nthawi yanji kuti tiime kutsogolo? Ndi wamfupi ngati ine.

Mbewa_ya_Manyazi
Ola lathunthu isanakwane 9, mwinanso kupitirira, khamu likukula sabata iliyonse. Muime tsidya lina la msewu moyang'anizana ndi khondelo, mukayandikira kwambiri khoma muzingoona chibwano. Ndipo mumuuze asajambule, angoyang'ana.

Tsabola_Wakale
Mutenge ambulera. Opanda malaya a ku Argentina analibe mvula ya ku London.